Kodi kutalikirana kumakulitsadi chikondi? Tanthauzo ndi chiyambi cha mwambi wa Angelezi

Funso: Amuna anga adapita ku Cape Town chaka chatha kukagwira ntchito. Posachedwapa nditawadandaulira kuti ndawasowa, adandiyankha pa WhatsApp ndi mawu a Chingelezi akuti "absence makes the heart grow fonder". Chingelezi ndimachimva ndithu, koma ndikufuna kudziwa tanthauzo lenileni la mawuwa ndi kumene adachokera. Komanso, kodi ndi oona? Azakhali anga amati mwamuna akatalikira sachedwa kuiwala kwawo. Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanuli. Mawu amene bambo akunyumbawo adakulemberani ndi mwambi wodziwika kwambiri pakati pa olankhula Chingelezi. Umatanthauza kuti munthu amene umamukonda akakhala kutali, mtima umamukonda koposa kale. Zimene unkaziona ngati zazing'ono ali pafupi, kaya ndi kaseka kake, kaya ndi mmene ankaitanira ana madzulo, zimayamba kukhala zamtengo wapatali. Zolakwa zake zimachepa m'maso mwako, zabwino zake n'kumakula. Angelezi amaunena potonthoza anthu amene akusiyana kwa kanthawi, monga okwatirana amene wina akupita kutali kukagwira ntchito, kapena makolo amene mwana wawo akupita kusukulu yogonera komweko. Amaunenanso pofotokoza chifukwa chimene abale awiri amene ankangokhalira kukangana pakhomo amayambira kugwirizana wina akasamuka. Sumangonena za chikondi cha mwamuna ndi mkazi chokha. Munthu atha kuunena za mnzake, za mayi ake, ngakhale za mudzi wakwawo.

Chofunika kuchigwira msanga n'chakuti mwambiwu ukunena za kukula kwa chikondi chimene chidalipo kale. Sukulonjeza kuti mtunda ungabale chikondi pamene padalibe. Ambiri amene amaukayikira mwambiwu amakhala atauwerengera lonjezo limene sudapereke.

Tsopano za kumene udachokera. Ganizo lake ndi lakale kwambiri kuposa Chingelezi chenichenicho. Amene amatchulidwa koyamba ndi Sextus Propertius, mlakatuli wa Chiroma amene adabadwira ku Assisi, m'dziko limene lero ndi Italy, cha m'ma 50 BC, ndipo adakhala mu ulamuliro wa Augustus, mfumu ya Aroma. Adasiya mabuku anayi a ndakatulo m'Chilatini, zambiri mwa izo zonena za mkazi amene ankamutcha Cynthia, yemwe adamuzunguza mutu kwa zaka zambiri. M'buku lachiwiri muli mzere wakuti "semper in absentes felicior aestus amantes", kutanthauza kuti nthawi zonse mtima umatenthera kwambiri wokondedwa amene palibe. Mzere wotsatira umawonjezera kuti mwamuna amene amapezeka nthawi zonse amapepuka chifukwa chopezekapezeka. Muone kuti Propertius sankatonthoza munthu pamenepa. Ankadandaula. Iye ndiye adali wopezekapezekayo, ndipo ankaona kuti amene ali kutali ndiwo akulakalakidwa.

Chimene chimandikondweretsa pa mlakatuli ameneyu n'chakuti m'buku lake lachitatu adanena zotsutsana nazo. Atatopa ndi Cynthia, adalemba ndakatulo yolengeza kuti akukwera chombo kupita ku Athens, ndipo chifukwa chake adachinena poyera: mankhwala ndi amodzi okha, kusintha dziko, pakuti mmene mkaziyo adzatalikire ndi maso, momwemonso chikondi chidzatalikira ndi mtima. Choncho munthu yemweyo amene amatchedwa gwero la mwambi wa amuna anu ndiyenso adanena zimene azakhali anu akunena. Sadali wosokonezeka. Adaona mbali zonse ziwiri m'moyo wake.

M'Chingelezi ganizoli lidayenda zaka zoposa 200 lisadapeze mawu amene tikuwadziwa lero. Mu 1602 Francis Davison adatulutsa buku la ndakatulo za anthu osiyanasiyana lotchedwa A Poetical Rhapsody, ndipo m'menemo muli ndakatulo yolankhula ndi kutalikirana ngati kuti ndi munthu. Wolembayo akukuuza kuti kuchite zimene kungathe, koma mitima yolimba kutalikirana kumailumikiza ndipo nthawi imaikhazikitsa. Mu 1616, m'buku lodziwika ndi dzina la Sir Thomas Overbury, muli chiganizo chakuti kutalikirana kumanola chikondi, kukhala pamodzi kumachilimbitsa. Ine ndimaona kuti chiganizo chimenechi n'chanzeru kuposa mwambi umene udadzatchukawo, chifukwa chimapereka ntchito kwa zonse ziwiri. Mu 1650, James Howell, wa ku Wales, amene makalata ake ambiri adawakonza ali m'ndende ya Fleet ku London, adalemba kuti mtunda nthawi zina umakometsa ubwenzi ndipo kusaonana kumautsekemeretsa. Mawu akuti "nthawi zina" adawaikamo dala, ndipo ndi amene adatayika m'njira.

Amene amadziwika kuti adaupatsa mwambiwu maonekedwe ake a lero ndi Thomas Haynes Bayly, wolemba nyimbo ndi masewero amene adabadwira ku Bath mu 1797 n'kumwalira mu 1839 ali ndi zaka 41 zokha. M'nthawi yake nyimbo zake zinkaimbidwa m'nyumba zambiri ku England, banja litazungulira piyano madzulo. Imodzi mwa izo ndi Isle of Beauty, ndipo ili m'buku la nyimbo ndi ndakatulo zake limene mkazi wake wamasiye adasonkhanitsa n'kusindikiza mu 1844. Chakumapeto kwa nyimboyo ndi kumene kuli mzere umene mwatumiziridwawo, mawu ake ndendende.

Koma nyimboyo si ya mwamuna wolira mkazi wake monga ambiri amaganizira. Woimbayo ali pachombo, dzuwa likulowa, ndipo akupempha mdima kuti uchedweko pang'ono, chifukwa akudziwa kuti kukacha chilumba chimene akuchisiya sichidzaonekanso. Akukumbukira nkhope za anzake, nyumba, nyimbo zimene ankaimbira limodzi. Akufunsa kuti n'chiyani chimene sangapereke kuti ayendenso kumene anzake akale amakhala, kenaka n'kunena mzere wathuwu ndi kutsanzika chilumbacho. Ndi nyimbo ya kupukwa kwawo. Tikati tiufunire mnzake m'miyambi yathu monga udalili m'nyimboyo, wapafupi ndi uja wakuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Kuugwiritsa ntchito pa nkhani za chibwenzi ndi banja kudakula pambuyo pake, mzerewo utachoka m'nyimbo n'kuyamba kuyenda wokha pakamwa pa anthu.

N'chifukwa chiyani mzere wa Bayly ndiwo udakhazikika, pamene ena adanena zomwezo kale? Chifukwa choyamba ndi kamvekedwe kake. Uli ndi kugunda kunayi kofanana, ngati mapazi a munthu woyenda, motero sutheka kuiwalika ukaumva kamodzi. Chachiwiri ndi nthawi imene udatulukira. M'zaka za m'ma 1800 anthu mamiliyoni adachoka ku Britain ndi Ireland kupita ku America, Canada, Australia ndi New Zealand. Ena ankapita ku India ndi kwina monga asilikali, amalinyero, ogwira ntchito za boma la atsamunda ndi amishoni. Chombo cha matanga chinkatenga miyezi itatu kapena inayi kuti chifike ku Australia, ndiye kuti kalata ndi yankho lake zinkadya nthawi yoposa theka la chaka. Mabanja ambiri adali ndi wawo amene adali kutsidya la nyanja. Anthu otere ankafuna mawu owauza kuti sadzaiwalidwa, ndipo mzerewu unkalowa bwino kumapeto kwa kalata. Masiku ano nyimboyo ndi ochepa amene amaidziwa, dzina la Bayly lidazimirira, koma mawu ake asanu ndi limodzi aja akadalipo.

Azakhali anu nawonso ali ndi mwambi wa Chingelezi wowaikira kumbuyo, ndipo ndi wakale kuposa wa Bayly. Umati "out of sight, out of mind", kutanthauza kuti amene sakuoneka amaiwalika. Thomas à Kempis, mmonke amene adakhala pafupi ndi Zwolle ku Netherlands ndipo adamwalira mu 1471, adalemba zofanana nazo m'buku lake la Chilatini lonena za kutsanza Khristu. Iye ankanena za imfa: lero munthu alipo, mawa palibe, ndipo akangochotsedwa pamaso sachedwa kuchokanso m'maganizo. John Heywood adauika m'buku lake la miyambi ya Chingelezi mu 1546. Afalansa nawo amati kutali ndi maso, kutali ndi mtima. Ndipo Angelezi eniakewo amakonda kuwonjezera mawu kumapeto kwa mwambi wa Bayly kuti umveke kuti mtima umakonda koposa, inde, koma kukonda munthu wina.

Izi siziyenera kutidabwitsa. Miyambi si malamulo a chilengedwe. Ndi zida zimene munthu amasankha malinga ndi nkhani imene ili patsogolo pake, ndipo m'chiyankhulo chilichonse muli miyambi yokokerana uku ndi uku. Nafenso timati kuona maso a nkhono n'kudekha, komanso timati pakadafunda padajiwitsa. Funso lothandiza si lakuti woona ndi uti, koma lakuti uliwonse umakhala woona pa nthawi iti.

Amene adayankha bwino funso limeneli, m'maganizo mwanga, ndi Mfalansa wina, François de La Rochefoucauld, m'buku lake la mawu anzeru limene lidatuluka koyamba mu 1665. Iye adati kutalikirana kumachepetsa chikondi chaching'ono ndi kukulitsa chachikulu, monga mmene mphepo imazimitsira kandulo koma n'kukoleza moto. Aliyense amene adaonapo koloboyi ikuzima ndi kamphepo kolowera pazenera, pamene mphepo yomweyo ikuthamangitsa moto wolusa m'tchire mu Okutobala, akumvetsa zimene ankanena. Mtunda suweruza wokha. Umagwira ntchito pa chimene waupeza.

Masiku ano ofufuza adayesa kuiyeza nkhaniyi, ndipo zimene adapeza n'zothandiza kwa munthu amene ali m'malo anu. Mu 2013, Crystal Jiang ndi Jeffrey Hancock adafalitsa kafukufuku wa zibwenzi 63, zina za anthu okhala pafupi, zina za anthu otalikirana. Kwa mlungu umodzi aliyense ankalemba za kucheza kulikonse kumene adachita ndi mnzake, kaya pamaso, pafoni kapena pa uthenga. Otalikirana ankalankhulana kochepa poyerekeza ndi anzawowo, koma ankauzana zakukhosi kwambiri, ndipo ankamva kuti ali pafupi mumtima kuposa okhala dera limodzi. Padali zifukwa ziwiri. Choyamba, munthu amene akudziwa kuti nthawi yolankhulana ndi yochepa sataya mawu pa zopanda pake. Chachiwiri, aliyense ankamuona mnzake bwino kuposa mmene alili, chifukwa mipata imene maso sakuona mtima umaidzaza ndi zabwino.

Mu 2017 gulu lina la ofufuza, limene mudalinso Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford, lidasanthula zolembedwa za mafoni a anthu ochuluka kwambiri m'dziko lina la ku Ulaya. Lidapeza kuti anthu ogwirizana akakhala nthawi yaitali osaimbirana, foni yotsatira imatenga nthawi yaitali, makamaka ngati akukhala motalikirana. Zili ngati anthu amazindikira okha kuti ubale ukufooka ndipo amalipira ngongoleyo. Dunbar yemweyo, pamodzi ndi Sam Roberts, adatsatira kwa miyezi 18 achinyamata a ku England amene ankachoka kusekondale kupita kuyunivesite kapena kuntchito. Ubwenzi ndi anzawo akale unkazirala msanga akasiya kuonana ndi kulankhulana, koma ubale wa magazi sunkasintha kwenikweni. Makolo athu adanena kale kuti chibale ndi fupa, sichiola. Chimene kafukufukuyu akuwonjezera n'chakuti ubwenzi suli choncho, umafuna kudyetsedwa. Banja la mwamuna ndi mkazi, ngakhale lili ndi malumbiro, ana ndi ankhoswe, pa nkhani iyi limayandikira kwambiri ubwenzi kusiyana ndi chibale. Ndi anthu awiri amene adasankhana, ndipo amayenera kumasankhanabe.

Choncho mtunda pawokha si umene umakulitsa chikondi. Chimene chimakulitsa ndi zimene anthu amachita chifukwa cha mtundawo: kuimba foni, kufotokoza zimene zikukuvuta, kufunsa za mnzako ndi kudikira yankho, kukumbukira tsiku la mayeso a mwana, kutumiza thandizo monga mudapanganira, kapena kunena zoona mwezi umene zavuta. Zimenezi zikasowa, mwambi winawo ndiwo umalamulira.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti tiwamvetse azakhali anu, chifukwa mawu awo sadangowatola. M'dziko muno muli mbiri yaitali ya amuna opita kutali. Kwa zaka zambiri amuna a kuno ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake idadziwika kuti Theba, ena ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kwawo idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitoyi kwa zaka zingapo. Ambiri mwa amene ankapita ankabwerako ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi ndalama zomangira nyumba. Koma ena sadabwerenso, mpaka tidapanga dzina lowatchulira: matchona. Adakwatira komweko, makalata adayamba kuchepa, kenaka adaleka. Mayi wamkulu aliyense m'mudzi amadziwa nyumba imene mkazi adakalamba akudikira. Azakhali anu akulankhula kuchokera pa zimene adaona, ndipo akunena chifukwa chokukondani.

Komabe nthawi ya matchona ndi ino zikusiyana pa chinthu chimodzi chachikulu. Kale kalata inkatenga milungu, nthawi zina yolembedwa ndi munthu wina n'kuwerengedwanso ndi munthu wina, motero zakukhosi zinkasowa podzera. Lero mutha kuona nkhope ya amuna anu madzulo aliwonse ngati bandulo ilipo. Izi sizichotsa mayesero, ndipo kumene kuli matauni akulu kusungulumwa n'kwenikweni. Koma zikutanthauza kuti kuiwalana masiku ano sikungochitika kokha chifukwa cha mtunda monga kale. Kumaonekera msanga, m'mafoni osayankhidwa ndi m'macheza amene asanduka a ndalama zokhazokha. Inu mukufuna kudziwa ngati mawu amene mwatumiziridwa ndi oona. Sindingaone mumtima mwa amuna anu, koma inu muli ndi poyezera. Mwambiwo ukabwera pamodzi ndi kufunsa za moyo wanu, kuulula kuti nawonso akuvutika, ndi tsiku lodziwika lobwera kudzakuonani, ulandireni ndi manja awiri, pakuti ndi mmene munthu wosowa mawu ake amanenera kuti ndakusowa. Ukabwera m'malo mwa zonsezi, ngati chotsekera nkhani mukadandaula, muli ndi ufulu wonena mwaulemu kuti mukufuna kumva mawu awoawo, osati a Angelezi.

Pali mbali ina imene mwambiwu sunena, ndipo ndi imene ndimafuna kuti mabanja otalikirana aziidziwa. Vuto lalikulu nthawi zambiri silikhala pa kusiyana koma pa kukumananso. Laura Stafford ndi anzake, m'kafukufuku amene adafalitsa mu 2006 wokhudza ophunzira a m'makoleji a ku America, adapeza kuti mwa zibwenzi zotalikirana zimene zidapirira mpaka awiriwo kudzakhala dera limodzi, chimodzi mwa zitatu zilizonse chinkatha pasadathe miyezi itatu. Awa adali achinyamata osakwatirana, choncho chiwerengerocho musachitengere pa banja lanu. Koma zifukwa zimene ankapereka n'zodziwika kwa aliyense. Ufulu umene munthu adazolowera ali yekha umatha mwadzidzidzi. Makhalidwe amene mtunda udabisa amaonekeranso. Munthu wa m'maganizo uja, amene mtima udamukongoletsa kwa miyezi yambiri, amayenera kupereka malo kwa munthu weniweni amene amatopa, amakwiya ndi kuiwala zinthu.

Kwa inu izi zidzaoneka motere. Chaka chonsechi mwakhala mukulamula nokha za fizi, za feteleza, za chilango cha ana ndi za ndalama za pakhomo. Bambowo nawo azolowera kudziphikira, kugona nthawi imene afuna ndi kusafunsidwa kumene akupita. Tsiku limene adzatsike basi kudzakhala chimwemwe, koma pakatha milungu iwiri kapena itatu mafunso adzayamba: ndani asunge ndalama, ndani alankhule mwana akalakwa, bwanji mudagulitsa mbuzi osandiuza. Mabanja ambiri akafika apa amaganiza kuti chikondi chidatha ali kutali, pamene chimene chikuchitika n'chakuti anthu awiri amene adasintha akuphunziranso kukhala nyumba imodzi. Nkhani zimenezi yambani kuzikambirana panopa pafoni. Muziwauza zosankha zikuluzikulu musadazichite, ngakhale mukudziwa kuti mungathe nokha, ndipo nawo azikuuzani za ntchito, za lendi ndi za anthu amene akukhala nawo, kuti moyo wawo wa ku Cape Town usakhale chinsinsi kwa inu. Ana azilankhula ndi bambo awo paokha, osati kungopatsidwa moni kudzera mwa inu. Ndipo ngati ndalama zilola, pasamathe chaka osaonana maso ndi maso, ngakhale kwa masiku ochepa a tchuthi cha Disembala.